Deolinda ndi Kasukulu ka Mafiriji ka ku Namacula

Mwina nanunso munaimvako nkhani ija ya mana Deolinda, chemwali wa kwathu ku Assumane. Ija yoti ankazungulira Lichinga yense kufunafuna amuna, mochita kuwatchula maina. Akuti anafika pa butchala kufunsa za Tomé. Akuti anaima pa siteji ya njinga zamoto kufunsa za Emílio. Ena mpaka analumbira kuti anamuona akukwera chapa, minibasi ya ku Cuamba, kulondola wachitatu. Pa mpope azimayi ankangogwedeza mitu, amvekere: "Sukulu yamukana, tsopano akusaka banja khomo ndi khomo."

Ine nkhaniyi inandiyabwa, ndipo chinthu chikandiyabwa sindikhala pansi. Ndafunsa mwini wake, ndafunsa amayi ake, ndafunsanso omwe ankamunenawo. Ndiye tcherani khutu, makamaka inu amene mayeso anakugwetsani ndipo mukuganiza zolowa timakoleji tolipira tadzaza m'tauni muno.

Deolinda anamaliza sekondale bwinobwino, koma mayeso olowera ku yunivesite ya boma anamukana kawiri. Atsibweni ake, titiyo Américo, aja amagwira ntchito mu ofesi ndipo savula jekete ngakhale mu Okutobala, anamupezera institutu ina yolipira. Inali ndi chikwangwani chachikulu, zitseko zagalasi, ndipo pa wailesi ankailengeza m'mawa ndi madzulo. Dona Perpétua, amayi ake a Deolinda, anagulitsa mbuzi zonse kuti azilipira propina, ndalama ya sukulu ya mwezi ndi mwezi ija.

Kutatsala miyezi yochepa kuti amalize, ophunzira anafika Lolemba n'kupeza loko pachitseko. Mwini sukulu anali atathawa. Kenako zinamveka kuti analibe chilolezo n'komwe. Abale inu, azakhali ake anali atagula kale makapulana ofanana oti adzavale pa phwando la diploma! Ena anangosokera makatani.

Deolinda anadzitsekera m'nyumba mpaka amayi ake anayamba kuopa. Atatuluka, anayamba kugulitsa mbatata ya kachewere pamsika. Anyamata akamadutsa ankakuwa: "Dotora, mulu wa mbatata ndi zingati?" Iye ankangoyankha mtengo, osadzutsa mutu.

Tsiku lina anakatula thumba la mbatata ku Namacula. Kuseri kwa chigayo anaona bwalo lodzaza mafiriji akufa, ena opanda zitseko, ena adzimbiri. Anyamata ovala maovolosi anali ataunjirira firiji imodzi ngati akuona ngozi. Pakhoma panali kachikwangwani kolembedwa ndi penti, kakang'ono ngati mbale. Kanali kasukulu kolipira kophunzitsa kukonza mafiriji. Zipinda ziwiri basi. Dzina lake ngakhale oyandikana nako ankalilakwitsa.

Analowa n'kupeza mphunzitsi wamkulu, amene onse amangowatchula kuti a mestre, akupukuta manja pa sanza.

"Amene anamaliza pano ali kuti?" Deolinda anafunsa.

"Moni sapereka kwanuko?"

"Pepani, mestre. Mwaswera bwanji? Amene anamaliza pano ali kuti?"

A mestre anaseka mpaka kutsokomola. "Aliyense akabwera amafunsa za propina. Iwe unapsapo kwinakwake, eti?"

"Ndinapsa."

"Chabwino. Ndikuuza maina atatu. Awiri akandiyamikira, mmodzi akanditukwana. Upite kwa onse, usasankhe."

Mwaona pamene panachokera mphekesera ija? Amuna ankawafunawo anali ophunzira akale a kasukuluko.

Tomé anamupeza kuseri kwa butchala, theka la thupi lili m'kati mwa firiji yaikulu ya nyama. Anamuuza kuti ntchito ilipo yambiri, chifukwa anthu amaganiza kuti poti ku Lichinga n'kozizira ndiye mafiriji alibe ntchito. "Nanga nyama iyi? Nanga nsomba za ku Metangula? Nanga mankhwala a ana m'zipatala za kumidzi? Akafa mafiriji amenewo amadikira munthu wochokera ku Nampula."

Emílio yekha anali wowawa. Anali atakhala pa njinga yake yamoto akudikira okwera. "Mana, osataya ndalama zako kumeneko. Zida n'zochepa, anthu ambiri. Ine ndinamaliza osagwirako chowotcherera mapaipi ngakhale kamodzi."

"Ankakukanizani, achimwene?"

Emílio anakanda m'mutu. "Ayi. Koma umachita kulimbirana. Ukakhala kumbuyo, umangoonera misana ya anzako."

Wa ku Cuamba uja anali ndi kashopu kakekake ndi anyamata awiri omuthandiza. Iyenso sanabise. Anati chaka choyamba atamaliza anavutika, makasitomala ankafunsa dzina la sukulu, akalimva n'kumubweza. Pobwerera, Deolinda anapitanso ku ofesi yoona za masukulu kukafunsa ngati kasukuluko n'kovomerezeka. Anamudikiritsa, anamuuza kuti abwere mawa, anabweradi mawalo. Kanali kovomerezeka.

Vuto linali ndalama. Mbuzi zinapita. Chotsala chinali munda wa amayi ake, chakumtunda kwa Lulimile. Munda umenewu si wamba. Dona Perpétua anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ali kamtsikana, ndipo atabwerera, iwo ndi malemu amayi awo anazula zitsa ndi manja mpaka unakhala munda. Bambo wina wolima nyemba wa pafupi pomwepo ankaufuna kalekale. Anavomera kuubwereka n'kumalipira, koma aliyense kuno amadziwa kuti munthu akalima munda wa mnzake mvula zitatu, amayamba kuutchula wake. Kuulanda pamenepo ndi milandu, ndipo wamasiye sawina kawirikawiri.

Lamlungu atachoka ku tchalitchi anakhala pakhonde kukambirana. Titiyo Américo anakana kwamtuwagalu.

"Perpétua, mlongo wanga, mwanayu akumalizira chuma. Sukulu yopanda dzina! Diploma yake ndi pepala lokulungira mandasi. Ngati n'kuphunzira, tidikire, tidzamutumize ku sukulu yodziwika ku Nampula."

"Tidikire mpaka liti, titiyo?"

"Iwe ukhale chete. Mtsikana wanzeru n'kumagona pansi pa firiji ngati mphaka? Anthu akunena kale kuti ukuthamangira amuna."

Deolinda anagwada, poti ndi mwana woleredwa bwino, koma mawu sanawameze. "Ija munandipezera inali ndi dzina, titiyo. Chikwangwani chake chikadalipobe mpaka lero. Ine ndaona anthu atatu amene anatuluka ku Namacula. Awiri akudya. Inu pa ija munaonapo ndani?"

Titiyo anangokonza jekete.

Dona Perpétua ndi amene anadula nkhani. "Achimwene, munda ndi wanga, unachokera kwa amayi anga. Ndiupereka mvula ziwiri. Deolinda, wamva? Ziwiri. Yachitatu ndikufuna khasu langa lilowemo."

Deolinda analowa sukulu ija. M'kalasi monse mkazi anali yekha. Mwezi wa Juni, kuzizira kuja kolowa m'mafupa, iye ankadzuka mbandakucha, kuyamba watula mbatata kwa makasitomala, kenako wapansi mpaka ku Namacula, zala zitauma gwa. Anyamata ankamupatsa tsache. "Mana, tisesereniko, ife tikugwira ntchito." Tsiku loyamba anasesa. Lachiwiri anakumbukira mawu a Emílio aja, anaika tsache pakona n'kukaima kutsogolo penipeni, pafupi ndi manja a mestre. Amukankhe, abwerere. Amukankhe, abwerere. Mapeto ake anamuzolowera.

Musaganize kuti kasukuluko kanali kabwino zonse ayi. Mphunzitsi wina anasiya pakati pa chaka, anthu n'kukhala milungu osaphunzira. Magetsi akathima zonse zinkaima. Propina inakwera popanda chenjezo. Deolinda amati kangapo anafika pa geti n'kufuna kubwerera.

Ndiye kunabwera mayeso owotcherera mapaipi. Timapaipi ta firiji n'topyapyala, moto ukachuluka timabooka, ukachepa timatayitsa gasi. Deolinda atangowotcherera, kapaipi kanabooka. Mayeso anamugwetsa. Anayenera kubwereza gawo limenelo, miyezi ina yowonjezera, propina inanso. Mvula yachiwiri inali itatha kale.

Anapita kwa a mestre misozi ili m'maso. "Mestre, mundikhululukire, mungondidutsitsa. Munda wa amayi ukupita."

"Ndikakudutsitsa lero, mawa ukaboola firiji ya munthu, adzatukwana ndani? Dzina la sukulu ino ndi laling'ono kale, mwana wanga. Lilibe kwina kotsamira koma manja anu." Kenako anamulozera mulu wa mapaipi otha ntchito. "Loweruka geti imakhala yotsekula. Gasi ndi wanga."

Kunena zoona, ine apa m'pamene ndinayamba kukakhulupirira kasukulu kameneka. Ya zitseko zagalasi ija inkadutsitsa aliyense.

Loweruka lililonse Deolinda ankawotcherera zidutswa. Zala zinatuluka matuza, nsidze ina inawauka. Pamsika anzake ankamuseka kuti akununkha ngati galaja. Atalembanso, anakhoza. Phwando panalibe. Anangogula fanta imodzi n'kugawana ndi amayi ake.

Koma diploma sadya. Okutobala anafika, kunja kukutentha, mitambo itayamba kusonkhana. Wanyemba uja anali atayamba kale kusosa m'munda wa Dona Perpétua. Deolinda ankayenda m'mashopu ndi kachikwama ka zida zobwereka, anthu n'kumamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Waphunzira kuti? Kuti? Sitinamvepo." Ngati munda ubwerera, ndalama ya wanyembayo itha, ndiye pakhomo adzadya chiyani iye asanapeze ntchito? Amayi ake anasiya kulankhula za mundawo, ndipo kukhala chete kumeneko kunkamupweteka kuposa kukalipa.

Tsiku lina masana, Dona Zainabo, amene amaoda nsomba ku Metangula, anafika pa benchi ya mbatata akupuma mwabefu. Firiji yawo yaikulu inali itasiya kuzizira, nsomba zodzaza mpaka pakamwa. Tomé anali kutali ku boma lina, ndipo pa foni anawauza kuti afune Deolinda.

"Ndiwe wa mafiriji uja? Wallahi, ndikanakhala ndi wina sindikanabwera kuno. Tiye!"

Anthu anaunjikana kudzaonera mkazi akukonza firiji. Wina anakuwa kuti, "Dotora, muipatse mbatata idzuka!" Deolinda anagona chagada pa simenti. Injini inkalira, koma kuzizira kunalibe, ndiye anadziwa kuti gasi wathawa. Anapempha sopo ndi madzi, n'kupaka thovu m'timapaipi. Panatenga nthawi. Kenako pa mfundo ina thovu linayamba kufufuma. Panali pomwe paja, pofunika kuwotcherera.

Anatuma njinga yamoto ku Namacula kukabwereka chowotcherera ndi gasi. Amene anabwera nazo anali Emílio, ndipo sanachoke, anaima n'kumaonerera. Deolinda anayatsa moto n'kuyamba kuwotcherera. Ulendo uno kapaipi sikanabooke.

Dzuwa likupendeka, Dona Zainabo anapisa dzanja m'firiji, kenako anakuwa: "Alhamdulillah! Ikuluma!" Nsomba zapamwamba zinali zitaonongeka kale, anataya. Zambiri zinapulumuka.

Inu mukuwadziwa Dona Zainabo pakamwa. Sabata isanathe msika wonse unali utamva, n'kuwonjezera ndi zina zoti firijiyo inali itafa chaka chathunthu. Amayi a nsomba anagwirizana kuti Deolinda aziwayang'anira mafiriji awo mwezi ndi mwezi. Wa bala wina anamuitana, wa shopu ya nkhuku nayenso. Si chuma, koma ufa ndi sopo pakhomo zinayamba kuchokera m'chikwama chake.

Mvula isanagwe, Dona Perpétua ndi mwana wawo anatenga makasu m'mamawa kupita kumunda. Anakumana ndi wanyemba uja ali momwemo.

"Mayi, mwachedwa. Ine mbewu ndagula kale."

"Mukabzale kwanu, bambo. Tinapangana mvula ziwiri."

Anakangana mpaka anthu anabwera. Titiyo Américo nawonso anafika, jekete ili pathupi, nsapato zitadzaza dothi, ndipo kunena chilungamo tsiku limenelo anamuimira mlongo wawo ngati mkango. Bamboyo anagonja, koma kachigawo ka kumunsi, komwe anabzalako nthochi, anakana nako. Mpaka lero sikanabwerere. Dona Perpétua akadutsa pamenepo amayang'ana kumbali. Koma gawo lalikulu analima okha chaka chimenecho, ndipo chaka chino mbatata zawo zachita bwino.

Ndinamufunsa mana Deolinda kuti, ndiye timakoleji tosadziwikati n'tabwino kapena ayi? Anaseka. "Ena ndi akuba, ena ndi osauka chabe. Kunja amaoneka ofanana. Upite ukawaone anthu amene anatulukamo, ufunse chilolezo, uone ngati ukagwira zida ndi manja ako. Ndipo ngakhale upeze kabwino, ukakhala kumbuyo uonera misana."

Ndiye iwe amene mayeso anakugwetsa, iwe amene sukulu ina inakudyera mbuzi za amayi ako, usadzikwirire uli moyo. Mtima usagwe. Dzuka, samba, kafunse, ngakhale pa mpope akunene. Adzatopa okha, ndipo tsiku lina pakamwa pawo pomwepo padzakubweretsera makasitomala.

Koma ndikufunse: sukulu ukuilotayo, kaya ndi ya chikwangwani chachikulu kaya ndi ya kuseri kwa chigayo, unakumanapo ndi munthu ngakhale mmodzi amene anamaliza kumeneko, n'kumufunsa kuti lero akudya chiyani?