Dothi Linatsikira kwa Alamu

Ntate Sekhonyana atabwerako ku migodi ya ku Welkom, chifuwa chitafooka, sanafune nkhosa ngati anzawo. Anagula hatchi imodzi yotuwa, naitcha Mosi. Sinkalima, sinkasenza matumba a ufa, ndipo ku mipikisano ya ku Semonkong inkangopita kukaonerera zinzake. Akazi awo, Mme Mapalesa, ankati pakhomopo palowa mitala.

Malo awo anali otsetsereka. Anawadula zigawo zitatu ndi waya, Mosi nkumadya chigawo chimodzi zinazo zikupuma. Udzu wake unali seboku, wofiirira uja, umene mizu yake imagwira phiri. Kachitsamba ka maluwa achikasu kamene kamaononga chiwindi cha hatchi ankakazula ndi manja asanamwe nkomwe tiyi. Sankayankhula zambiri. Akaliza likhweru, Mosi ankabwera, ndipo zimenezo zinkawakwanira.

Kenaka kunabwera Lebenya, mlongo wa Mme Mapalesa, atapuma ntchito yaupolisi. Anapatsidwa malo akumunsi, m'mbali mwa mtsinje, nadzala lesere wa ng'ombe yake yamkaka. Msipuwo unabiriwira mochititsa kaso. M'mawa uliwonse ankathyolako dzanja limodzi nkupita nalo pawaya. Posakhalitsa Mosi anayamba kuwasiya Ntate Sekhonyana ali mkati momupesa, nkuthamangira kumunsi.

"Alamu, hatchiyi mukuidyetsa tsache kodi?" anafuula Lebenya tsiku lina. "Taonani mmene ikundilirira."

"Yakhuta imeneyo. Ndi dyera chabe."

"Dyera? Inu mukaitana imangogwedeza khutu limodzi. Ine kungotsokomola, liwiro!"

Ntate Sekhonyana anaima ndi chipeso m'manja, kuyang'ana Mosi akusisita mphuno paphewa la munthu amene sanamuchotsepo nkhupakupa ngakhale imodzi.

Chisanu chitatha Ntate Sekhonyana anabwereka ng'ombe ndi pulawo.

"Ntate, phirili mukufuna kulivula bulangete?" anafunsa Mme Mapalesa. "Lesere ndi wa kuchigwa."

"Alongo anuwo ali ndi manja angati, Mme? Si awiri ngati ine?"

"Ali ndi malo athyathyathya. Siyani ngakhale chigawo chimodzi."

Analima zonse zitatu. Mosi anamumangirira kuseri kwa khola. Lesere anamera, timasamba tating'ono ngati makutu a mbewa, ndipo madzulo Ntate Sekhonyana ankayenda m'malire mwa munda pang'onopang'ono kuti akumunsi awaone.

Mvula ya matalala inagwa masana ena mu Novembala. Pamene inkakata, munda unali utang'ambika pakati, chigwembe chofika m'chiuno. Dothi lakuda lonse linadutsa pansi pa waya nkukayala m'munda wa Lebenya. Kumtunda kunatsala miyala.

Lebenya anakwera mtunda nsapato zili matope okhaokha.

"Alamu, ndabwera kudzathokoza. Ndowe za hatchi za zaka zonsezi mwanditumizira mpaka pakhomo, popanda ngolo!"

Anaseka yekha. Atayang'ana bwino chigwembecho anasiya, navula chipewa.

"Nanga Mosi adya chiyani chisanu chikubwerachi? Mubwere naye kwathu."

"Adya zomwe ndidye ine."

Analimbikira mpaka mu Meyi. Ankamweta udzu m'mbali mwa msewu, kupempha mapesi kwa anthu, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Chipale chofewa chitayera pamapiri, nthiti za Mosi zinayamba kuwerengeka. M'mawa wina anamumanga chingwe, natsika naye okha. Pageti la Lebenya anamasula chingwecho. Hatchi inalowa osacheuka.

Masiku ano mukadutsa kumeneko muwapeza Ntate Sekhonyana m'chigwembe muja, akuyala miyala mopingasa ndi kuokera seboku phata limodzilimodzi. Udzu umenewo sufulumira. Akaweramuka kuti awongole msana, maso amapita okha kumunsi, kumene Mosi amayenda pambuyo pa Lebenya ngati galu.

"Wanenepatu mnzanu uja," amatero Mme Mapalesa powapatsira tiyi.

"Ndaona," amayankha, nkutola mwala wina.