Wachibwibwi ndi Mlakatuli wa ku Lebanoni

"Inu a Matilda, mukutipha dala! Sewero la munthu mmodzi n'kulipereka kwa wachibwibwi?"

Anakuwa choncho ndi Allan, pamaso pa kalabu yonse ya zachikhalidwe ya pa yunivesite ina kuno ku Mangochi. Matilda ndiye anali wapampando. Wonenedwayo, Wadi, anali chiimire pansanja, kukamwa kuli yasa. Liwu loyamba lenilenilo la sewero linali litamukakamira pakhosi.

Wadi ndi mwana wamasiye wa ku Makanjira. Anakulira pachingwe cha khoka, kukokera eni ake ukonde kuti apeze sopo ndi makope. Mayeso a Folomu 4 analephera, anabwereza, anakhoza. Koma chibwibwi sichinamuleke, ndipo m'kalasi ankakhala duu ngakhale yankho akulidziwa.

Kukalabuko chinamukokera n'chidwi basi. Anamva kuti akukonza sewero la mlakatuli wina wa ku Lebanoni. Lebanoni ndiye kutinso? Anzake opemphera kutchalitchi anati ndi dziko la mikungudza yotchulidwa m'Baibulo ija. Atawerenga sewerolo anadabwa. Mlakatuliyo anali Mkhristu koma ankalemba m'Chiarabu, chilankhulo chimene Wadi ankayesa n'cha kumadrasa kokha. Komanso anachoka kwawo ali mwana, pasitima ya pamadzi, kukakhala pakati pa anthu oseka kalankhulidwe kake.

"Ameneyu ndikumudziwa," anatero Wadi chamumtima. Analoweza sewero lonse popanda womutuma, ena akadali kukanganirana zovala. N'chifukwa chake Matilda anam'patsa malowo.

Tsiku la chipongwe cha Allan lija, Matilda sanabise mawu.

"Loweruka tikaliyesa kwa anthu ku Malindi. Wadi, ukakakakamira kumeneko, malowa atenga Allan."

Wadi sanathawe. Ankayeserera pagalasi, ankayeserera akuyenda, ankalankhula ndi mtengo wa mango kuseri kwa hositelo. Funso limodzi linkamuvuta: bwanji kukhoka kuja, akamatsogolera nyimbo yokokera, lilime silinkamangika? Analingalira mpaka anaona. Kumeneko iye amaponya mawu, anzake n'kuvomera, ndipo iwo akamavomera iye amapuma. Chimene chinkamupotokola pansanja n'chete wa anthu omuyang'ana. Nanga sewero la munthu mmodzi angamuvomere ndani?

Loweruka masana holo ya ku Malindi inadzaza: asodzi, amayi a geni, ana asukulu m'mawindo. Allan anaima kutsogolo n'kulengeza lamulo.

"Sewero ili si la pamsika. Osalankhula, osayankha, mpaka lithe."

Wadi analowa atavala jekete yobwereka. Sewero limayamba mlakatuli ali pasitima, akupereka moni kwa anthu akwawo amene akuwasiya padoko.

"A-a-a... asalamu aleikum."

Basi, pomwepo chibwibwi chinamugwira. Nsagwada zikunjenjemera, mawu osatuluka. Holo yonse zii, monga anauzidwira. Allan anayamba kale kukonza kolala yake.

Koma kunyanja kuno salamu sigwera pansi. A Safia, mayi ogulitsa usipa, anadzitukula pabenchi.

"Iii, abale, munthu wapereka salamu ife n'kungokhala ngati miyala? Wa aleikum salamu, baba!"

"Wa aleikum salamu!" inavomera holo yonse, Asilamu ndi Akhristu omwe.

Wadi anapuma. Phazi linapita kumbuyo lokha, ngati ali pachingwe cha khoka.

"Ndachoka kwathu ndili mwana."

"Pepani!" anavomera anthu.

"Kumene ndikupita sakudziwa dzina la mayi anga."

"Ayi, zovuta izi!"

"Chete!" anakalipa Allan.

"Chete iweyo, mwana iwe," anatero a Safia. "Mlendo akudandaula, ife tim'tayire kumbali?"

Sewero linayenda. Wadi akaponya, anthu n'kuvomera, iye n'kupuma. Apo ndi apo ankakakamirabe, koma palibe anaseka. Ankamudikira monga amadikirira ukonde wolemera kuti ufike kumtunda. Pamene mlakatuli ankalirira mapiri akwawo, bambo wina amene anabwera kuno kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki anadziphimba kumaso ndi chipewa.

Litatha, anthu anamuzinga ndi mafunso ngati wangotsika kumene sitimayo. Kodi mkuluyo anabwerera kwawo? Kodi ku Lebanoni kumeneko kuli chambo? Wadi anawayankha onse, mochedwa, koma yekha.

"Malo ndi ako," anatero Matilda. "Ndipo lamulo la chete lija lathera pompano."

Musaganize kuti chibwibwi chinatha. Mpaka lero Wadi amatenga nthawi potchula dzina lake. Koma seweroli walisewera m'masukulu ndi m'maholo ambiri, ndipo kulikonse amayamba wapempha anthu kuti azimuyankha.

Iwe amene anakuuza kuti chilema chako chakutsekera khomo, mtima usautaye. Dzifunse monga anachitira Wadi: ndi pati pamene ine ndimatha, ndipo chimandithandiza pamenepo n'chiyani? Yambira pomwepo.

Koma inu aphunzitsi, inu apampando, inu amene mumasankha woti alankhule m'kalasi, kumzikiti, kutchalitchi ndi pamsonkhano, musazembe. Mwana uja munamukhazika kumbuyo chifukwa amachedwa kutulutsa mawu, munayamba mwamufunsa chimene amafuna kunena? Tikudikira, tiyankheni!