Chala cha a Musaphethire

Tsiku limene kamera inawachititsa manyazi a Musaphethire, anali atandandalika banja la anthu khumi ndi anayi m'situdiyo mwawo, aatali kumbuyo, agogo pampando. "Musaphethire!" anakuwa monga mwa masiku onse, pajatu dzinali linachokera pomwepo, n'kudina batani. Kamera inangolira kuti tii, kagalasi ka kumbuyo n'kulemba kuti khadi losungira zithunzi silikuwerengeka. Bambowa, thukuta lili kamukamu, anauza banjalo kuti agogo aphethira, aliyense apume kaye. Anazembera kuseri kwa katani, kutulutsa khadi lija, kuliuzira mpweya, kulipukuta pamalaya, kulibwezera. Linalola. Agogo aja mpaka lero amakana kuti sanaphethire, ndipo akunena zoona.

Situdiyoyi ndi kachipinda kamodzi, kopanikizika pakati pa mayi telala ndi ometa tsitsi. Muli katani ya buluu, mpando, ndi jekete limodzi lomwe lavalidwa ndi theka la amuna a mumsewu wathu pojambulitsa zithunzi za pachiphaso. Kamerayo yatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Lamba wake wasokedwa katatu, kachitseko ka batire kamagwidwa ndi mphira. Akazi awo amaitchula kuti "mkazi mnzanga", ati chifukwa ndiyo imapukutidwa m'mawa uliwonse ndi nsalu yofewa.

Vuto linali lakuti kamerayi inkadziwa makhadi akale okha, amene m'masitolo anasiya kugulitsa. Linatsala limodzi, lomwe lija louziridwa mpweya. Likanafa, mkazi mnzake wa mayi aja akanapita kukapuma m'kabati, ndipo a Musaphethire sankafuna n'kumva komwe za kamera ina.

Anawatsegula maso ndi mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, amene amakonza mafoni pakona.

"Alamu, eni ake a kamerayi anatulutsa kalekale sofutiweya yatsopano, nzeru za m'kati zoti iziwerenga makhadi amakono. Inu munali kuti?"

"Ndinali pantchito. Si tonse timakhalira kusuzumira m'mafoni a eni."

"Zikomo. Ndiika pakhadi lanu lodwalali, kamera imeze kuchokera pamenepo. Koma lamulo ndi limodzi: ikayamba, mphindi zinayi osaizimitsa. Mukazimitsa pakati, basi, mudzaipsinjira mapepala patebulo."

Akazi awo atamva izi anagwira pakamwa, chifukwa amadziwa chala cha mwamuna wawo. Kuyambira masiku a mabatire osachedwa kutha, chala chachikulu cha kumanja chinaphunzira kuzimitsa kamera chithunzi chikangolowa. Chimachita chokha, mwini wake akucheza. Kunyumba chimazimitsa wailesi nkhani zili pakati, ndipo akuti chinazimitsapo simbi mayi akusita malaya a mwini chalacho.

Lachiwiri m'mawa batire inadzazidwa mpaka pakhosi. Mlamu anabwera ndi khadi lakale lija ataikamo sofutiweya, ndi lina latsopano, akazi awo anabwera ngati mlonda, mayi telala nawo analowa tepi ili m'khosi, ati kudzabwereka tsache. Tsachelo sanaliyang'ane n'komwe.

"Ikhale patebulo," anatero mlamu.

"Ndiigwira ndekha. Mwana akamabayidwa jakisoni amakhala pamiyendo pa kholo."

"Patebulo, alamu."

Mlamu anadina. Pakagalasi panatuluka kamzere, kakukwawa ngati nkhono. A Musaphethire anaima chilili, kuyang'ana kamera ikuyaka popanda chojambula, chinthu chimene sanachionepo chiigulireni.

"Ikudyatu batire pachabe," anang'ung'udza.

Asanamalize, dzanja linali litanyamuka kale. Akazi awo analiwakha m'malere chala chitatsala pang'ono kukhudza.

"Bambo a kunyumba, khalani pansi."

"Sindimafuna kuzimitsa ine."

"Inu ayi, koma ichi. Khalirani manja."

Anawakhazika pampando wa makasitomala, manja onse pansi pa matako, kumbuyo kuli katani ya buluu ija. Munthu amene wakhala zaka zonsezi akulamula anzake kuti asagwedezeke anali njenjenje, khosi lili totololo kusuzumira patebulo.

Kamzere katadutsa pakati, kagalasi kanada bii.

"Yafa!" Anafuna kudzuka, koma mayi telala anawapsinja paphewa, akazi awo paphewa linalo.

"Onani kanyali ako kakuphethira," anatero mlamu. "Ikumezabe."

"Pa situdiyo ino saphethira," anayankha ndi mawu a munthu wodwala, amayi onse atatu n'kufa nalo phwete.

Kenaka kamera inalira kawiri n'kuyaka yokha. Mlamu anatulutsa khadi lakale, kulowetsa latsopano. Pakona pa kagalasi panalemba kuti mungalowe zithunzi zoposa zikwi zinayi. A Musaphethire anawerenga kawiri, akumayendetsa milomo. Kale zinkalowa zana limodzi ndi makumi awiri. Anaitenga ndi manja awiri, dzanzi lisanathe, n'kuipukuta ndi kansalu kake kaja ngakhale inalibe fumbi.

"Mlamu, mutu uli nawo," anatero, ndipo kwa bambo amenewa kumeneko ndiye kuthokoza kwa chaka chonse.

Panafunika woyesera. Mayi telala anavula tepi, kukonza tsitsi, kukhala pampando chammbali monga amakhalira anthu a m'magazini. Batani linalira, chithunzi chinalowa bwinobwino, chala chinazimitsa kamera, ndipo ulendo uno palibe anachimenya. Anayatsanso kuti mwini nkhope adzione. Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali, kusendeza kamera kutali, kuibweretsa pafupi, kenaka anaibweza.

"Nzeru mwaipatsa zatsopano, achimwene, koma ulemu ilibebe. Ine ndili ndi chibwano chimodzi, apa yandiikira ziwiri."