Ba Lillian ndi Galimoto Zowira

Ku Mtendere ukafunsa kwa Ba Lillian, sakufunsa kuti Lillian wake uti. Amangokulozera ndi mlomo: "Uko, pali maluwa osafota." Maluwawo ndi apulasitiki. Amawachapa ndi sopo n'kuwayanika pawaya ngati matewera.

Bambo awo, malemu Ba Chabwera, anachokera ku Malawi atasenza makina osokera, nakhala telala wapakhonde ku Kalingalinga. Mwanayu anatengera singano, kufatsa ayi. Anayesa mayunifomu, ana asukulu n'kumaoneka ngati akukavina. Pamapeto pake anapeza ntchito imene kuwonjeza si mlandu: kukongoletsa galimoto za ukwati. Galimoto inkalowa pabwalo pawo ili mbuu ngati bulu, potuluka mwini wake n'kuipatsa moni. Amuna a Ba Lillian anathawira ku Kitwe kalekale. Ena amati ankaopa kudzadzuka tsiku lina atamangidwa riboni pakhosi.

Chaka china, nyengo yozizira, Ba Lillian anatulukira luso latsopano: chimtima cha nsalu ya satini, chokhuthala, chosanjikiza, choyambira pa boneti n'kutsika mpaka kubisa nambala. Maukwati a mu Juni ndi Julaye anayenda myaa. Mkwatibwi aliyense ankati popanda mtima wa Ba Lillian bola kukhala mbeta.

Kenako unafika Okutobala, mwezi umene ngakhale agalu amasiya kuuwa. Galimoto ina yovala mtimawo inawira panjira, nthunzi tolotolo, mkwatibwi n'kukafika kutchalitchi pa minibasi. Loweruka lotsatira ina inachitanso chimodzimodzi, mkwati akukankha ali m'suti. Pamsika sanachedwe kupeza matenda.

"Mkazi anathawiwa na mwamuna, imwe mumupasa motoka ya ukwati? Ni nsanje iyo. Amaikamo vinthu."

Anthu anayamba kubweza mawu mwaulemu, ena ponena kuti ukwati wasunthidwa, pamene nkhuku anagula kale. Unatsala ukwati umodzi wokha, wa Tiyanjane, mtsikana woimba kwaya limodzi ndi Ba Lillian. Nawonso unali lendelende, chifukwa mayi a mkwati, Bana Chilekwa, anabwera okha kudzaima pageti.

"Ba Lillian, sininabwele kukangana. Koma mwana wanga sazakankha motoka. Ali na msana."

"Bana Chilekwa, ine nimasoka nsalu. Injini nimaiziba kuti?"

"Ndiye vamene tifunsa."

Tiyanjane analira mpaka apongozi ake anagonja, koma anasiya mawu: galimoto ikangowira, iwo adzauza mpingo wonse, ndipo Ba Lillian akayambe kugulitsa tomato.

Ba Lillian sanagonere mwayi. Anakokera galimoto ya ukwatiyo, yobwereka kwa malume a mkwati, mpaka ku Kalikiliki kwa Ba Katongo, makanika amene ovolosi yake ingathe kuima yokha. Galimoto zowira ziwiri zija amene anaziona ndi Ba Katongo omwewo, ukwati utapita, maluwa atachotsedwa kale, ndipo sanapezemo kanthu.

"Chimozi chabe nichimene niziba," anatero Ba Katongo. "Zonse zinawila atayasha eyakoni, kaja kozizilitsa mukati. Eyakoni ni mulamu wobwela kuchezela: akudya mphamvu ya injini, kupya kwake akutaila pamenso pa redieta. Koma ngati vonse vili bwino, injini imapilila."

Anasuzumira madzi, anali odzaza. Anayang'ana chivundikiro cha redieta, anakoka lamba, anatsuka matope m'mano a redieta. Anayatsa eyakoni, fani n'kuyamba kuzungulira bwinobwino. Anaiyendetsa masana dzuwa lili paliwombo, Ba Lillian ali pambali maso ali pa kamuvi kosonyeza kutentha. Kamuviko sikanasunthe n'komwe.

"Iyi ingafike na ku Nakonde," anatero Ba Katongo. "Pa Satade nizayendesa neka."

Loweruka m'mawa Ba Lillian anamanga mtima woposa yonse, kuti adani aone. Anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo. Kumbuyo kunali Tiyanjane, nkhope itapakidwa mosanjikiza ngati khoma la nyumba ya lendi. Mdipiti unanyamuka mwaukwati, pang'onopang'ono, mahutala ali pipiii, ana akuthamangira m'mbali.

"Ba Katongo, yashani eyakoni," anatero Tiyanjane. "Nsidze zanga zayamba kuyenda."

Anayatsa. Kamphepo kanabwera, aliyense n'kuusa moyo. Koma asanatuluke n'komwe mu Mtendere, kamuvi kaja kanadzuka. Ba Katongo anakayang'ana, Ba Lillian anakayang'ana, onse n'kuyang'ana kunja ngati sanaone. Kanapitirira pakati, kakulunjika pofiira.

"Awe shuwa," anatero Ba Katongo, n'kuimika pambali pa msewu, pafupi ndi amayi ogulitsa makala.

Bana Chilekwa anatsika m'galimoto yam'mbuyo isanaime bwino, duku lili pambali. "Sininakambe? Sininakambe ine?"

Ba Katongo anafuna kutsegula boneti, koma mtima unali utamangidwa pamenepo, ndipo mwini mtima anali ataima kutsogolo kwake manja ali tambasu, ngati nkhuku ya anapiye.

"Osagwila! Nasoka na manja aba."

"Basi, nimvele chabe ngati fani izungulila," anatero makanika uja. Analowa, naliza injini, nayatsa eyakoni.

Fani inalira kuti wuuu. Ba Lillian anamva siketi yawo ikukokedwa pang'ono. Atatembenuka anaona mtima wawo, umene unali wotukumuka bwino, utaphwa n'kumamatira pamphuno pa galimoto, mpaka timipata tonse tolowera mphepo tikuonekera pansalu ngati nthiti za galu wa chilala.

"Ba Katongo, zimyani eyakoni."

Nsalu inamasuka.

"Yashaninso."

Inamamatiranso, phaa.

Apa Ba Lillian anamva thukuta lina losachokera kudzuwa. Galimoto inkafuna kupuma, iwo ataitseka mphuno ndi pakamwa ndi satini wosanjikiza. Mu Juni kunkazizira, panalibe woyatsa eyakoni, injini inkangopirira. Tsopano kutentha kwa Okutobala, kuwonjeza kwa eyakoni, ulendo wake wa kamba, mphepo n'kumalowera pati? Palibe amene anaona zimenezi koma iwo okha. Akanatha kukhala chete, luso lawo n'kukhalabe lopanda banga, koma dzina la ufiti likanawakanirira mpaka kumanda. Anayang'ana Tiyanjane pawindo. Nsidze imodzi inali itafika kale patsaya.

Anapisa m'chikwama natulutsa sizasi.

"Yesu!" anakuwa Bana Chilekwa, n'kubisala kumbuyo kwa thumba la makala.

Ba Lillian anagwada pafumbi ndi diresi lawo latsopano, nadula mtimawo pakati, kwee, kwee, kuboola chibowo choti mwana angadutsepo. Misozi inkalengeza. Ba Katongo anasuzumira, nayang'ana chibowocho, nagwira pamutu.

"Mayo ine. Nasakila mu injini, kansi matenda yali mu dilesi."

Anasiya injini ikulira pang'onopang'ono, fani ikumeza mphepo ngati munthu wovuuka m'madzi. Kamuvi kanayamba kutsika, kanatsika, kanakakhala pamalo pake. Eyakoni inali chiyakire, koma kamuvi kali phee. Anakafika kutchalitchi abusa asanayambe kuyang'ana wotchi kachiwiri, ndipo nsidze anaibwezera pamalo pake pakhomo.

Kumadyerero Ba Lillian anakonzeka kuvomera mlandu wawo pamaso pa anthu. Koma anapeza Bana Chilekwa atazunguliridwa ndi amayi, mwendo wa nkhuku uli m'manja, akulalikira.

"Naona na menso yanga! Adani anaika chinthu mu mtima muja. Aba amai anachiona, anagwada, anachidula. Pamene apo motoka yapola!"

"Iyayi, Bana Chilekwa," anayamba Ba Lillian, "ni mphepo chabe. Nsalu inavala pamene..."

"Mwamvela kuzichepesa? Anthu a Mulungu ni mwamene alili."

Ba Lillian anatsegulanso pakamwa, koma Ba Katongo anawaponda chala pansi pa tebulo.

"Dyani mupunga, mayo. Ya mphepo tizakamba pa Mande."

Asanameze n'komwe, mayi wina amene sabata yathayo anawoloka msewu powaona anakoka mpando n'kukhala pafupi, akumwetulira mano onse.

"Ba Lillian, mwana wanga akwatiliwa mu Novemba. Tifuna mtima wamene uja." Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Koma mukaudulile kunyumba. Ise abusa athu akamva va mankhwala sachedwa kukalipa."