Aneba Anga M'sitima Yankhondo

Aneba anga kuno ku Ngungu, m'tauni ya Kabwe, sindiwakonda. Anadula nthambi za mtengo wanga wa mapeyala osandipempha, ndipo sindinaiwale. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wa chifuwa chosatha, amene anathera unyamata wake pansi mumgodi wa mtovu. Ukawafunsa za umoyo amangoti, "Tikali pamwamba."

Chaka chatha mwana wawo Vainess, namwino ku Amereka, anawaitanitsa kuti akakhale naye, madokotala akaone chifuwacho. Tsiku lina anapita nawo kukaona sitima yapamadzi yankhondo yakale, imene anaisunga kuti anthu azilowamo kukaona. Mizinga sanaicheukire n'komwe. Anatsika makwerero mpaka kuchipinda cha injini, kopanda zenera. Potuluka anagogoda paipi ndi ndodo yawo, natchera khutu.

"Adadi, mutichititsa manyazi," anatero Vainess. "Muno mulibe munthu."

"Udziwa bwanji? Kumgodi womaliza kutuluka amagogoda kuti amve ngati wina watsala. Tsiku limene kapitawo anatithamangitsa osagogoda, mng'ono wanga Adamson anatsala."

Vainess atamasulira mawuwo kwa woonetsa alendo, woonetsayo anawatengera pakhoma lolembedwa maina a amalinyero onse amene anafa pankhondo. Aneba anga anawerenga pang'onopang'ono mpaka dzina lomaliza.

"Ndigulire tikiti yobwerera kwathu," iwo anauza Vainess. "Awa ali ndi khoma. Adamson ali ndi ine chabe. Ndikachoka ku Kabwe adzamutchula ndani?"

Anabweradi, chifuwa chili chomwecho. Vainess anandiimbira foni akulira kuti ndiwanyengerere abwerere kwa madokotala. Ine, amene sindiwapatsa ngakhale moni, ndinamuuza kuti awasiye.