Inki yofiira pa dzina la malume ake

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene kalasi lawo linapita kukaona manda a mayi wina wolemekezeka wa makedzana, m'tchalitchi china chakale kunja kwa Wolverhampton. Mayiyo anamusema pamwala, atagona chagada, kagalu kali kumapazi. Aphunzitsi a mbiri yakale anawapatsa anawo pepala la mzere wa makolo a mayiyo, ndi homuweki yakuti aliyense alembe mzere wa kwawo motengera chitsanzocho.

Nthawi imeneyo tinkakhala awiriwiri ku Whitmore Reans, dera lina la mumzinda wa Wolverhampton, m'nyumba zogundizana zija. Bambo ake anali atatisiya n'kukakhala ndi mkazi wina ku Coventry. Ine ndinali namwino pachipatala chachikulu cha mumzindamo.

Loweruka masana ine ndi mwanayo tinakhala patebulo. Ndinamutchulira amayi anga, agogo anga, ndi amayi awo a agogowo, amene ndinawapeza akadali moyo ku Dedza. Ndinamufotokozera kuti kwa ife Achewa mwana ndi wakuchikazi, ndipo mchimwene wanga, malume ake, ndiye mwini mbumba. Analemba zonse mwaudongo. Malume akewo anawaika pamwamba pa dzina lake, bambo ake anawaika pambali, pamalo a mkamwini.

Patapita masabata awiri ndinalipeza pepalalo litakwinyika m'thumba la jekete yake ndikufuna kuchapa. Dzina la mchimwene wanga linali litadulidwa ndi inki yofiira. M'mphepete aphunzitsi analemba kuti malume salowa mu mzere wa makolo, ayambire kwa bambo monga chitsanzo chilili, aikenso zaka zobadwa.

Mwanayo ndinamufunsa akudya. Ndi pamene ndinamva kuti analemba kale pepala lina. Anawaimbira bambo ake ine osadziwa, iwo n'kumutchulira amuna asanu otsatizana, ndi zaka zawo. Zakazo bambo akewo anangozipeka. Munthu ameneyo ndinakhala naye, ngakhale chaka chimene bambo ake anamwalira sankachidziwa. Koma pepala limenelo ndi limene mwanayo anakhoza nalo, mpaka aphunzitsi analipachika pakhoma m'kalasi.

"Amayi, ndi homuweki chabe," anandiyankha m'Chingelezi monga mwa masiku onse.

"Homuweki chabe? Dzina uli nalolo anakutcha ndani? Si malume ako omwe wawafufutawo?"

"Sindinawafufute ine. Anawafufuta ndi aphunzitsi."

Tsiku lokumana makolo ndi aphunzitsi ndinapita ndikuchokera ku shifiti, yunifolomu ili m'thupi, mwanayo akundikwawira pambuyo. Pepala lopachikidwalo ndinaliona ndisanakhale pansi. Ine ndinalipo papepalapo, pakona, dzina lokha popanda wondibala. Aphunzitsiwo anali bambo wachinyamata, waulemu ndithu, womwetulira kwambiri. Ndinayala patebulo pawo pepala la mayi wapamwala uja.

"Aphunzitsi, mayi uyu amayi ake anali ndani?"

Anayang'ana pepalalo. Panali bambo ake, agogo ake aamuna, amuna ake awiri, ndi ana ake aamuna aliyense ndi minda imene analowa. Pamalo pa amayi ake panangolembedwa kuti mwana wa bwana wakutiwakuti.

"Dzina lawo silinasungidwe," anatero.

"Nanga ana ake aakazi?"

"Analipo, koma ena mayina awo sakudziwika."

"Ndiye inu munataya dzina la mkazi amene anam'bala mayi wanuyu, n'kumadula dzina la munthu wamoyo? Mchimwene wanga ndikhoza kumuimbira lero lomwe, mulankhule naye. Zimene mwapachika apozo ndi zabodza, ndipo mwana wanga mwam'patsa malikisi chifukwa cha bodzalo."

Mawu anga anakwera, makolo a patebulo loyandikana anatembenuka. Aphunzitsiwo anapepesa, nati sankadziwa. Kenaka anati malikisi analowa kale, koma pepala loyambalo n'losangalatsa kwambiri, tingalibweretse pa tsiku loonetsa zikhalidwe za mayiko, pamene makolo amabweretsa zakudya ndi zovala za kwawo.

Apo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinawauza kuti mzere wa mayi wawoyo akuutcha mbiri, wathu akufuna auyale pafupi ndi mandasi. Ndinatenga pepala langa n'kutuluka.

M'basi mwanayo anakakhala mpando wakutsogolo, akulira, chifukwa ndinamuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Sindinamutonthoze. Masiku atatu tinkapatsana mchere patebulo osayang'anana.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinagula khadi ya foni n'kumuimbira mchimwene wanga. Nditamufotokozera nkhaniyo, ndinkayembekeza kuti akwiya nane limodzi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, mzunguyo mukumulakwira. Ine mwanayo ndinamuona kamodzi, ali wakhanda. Mudabwera nayenso kuno? Ndikamupatsa moni pafoni amandiyankha Chingelezi. Ndine malume ake papepala pompo, ndipo papepalapo andidulapo."

Ndinamukalipira, ndinamuuza kuti iyenso ndi chimodzimodzi aphunzitsi aja, ndinadula foni mphindi zikadalipo. Ndinakhala pamasitepe. Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo zinandipweteka kuposa za aphunzitsi aja. Mwanayo anatsika kuchipinda kwake, anandidutsa mopanikizika pamasitepe opapatizawo, n'kukatsegula filiji.