Kunja kwa Chitseko cha Bafa

Sitiroko itawagwira bambo anga, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa. Mayi anali atatisiya kale, alongo anga onse ali ku Joni, akatswiri opereka malangizo pa foni. M'nyumba ya ku Raylton, kuno ku Bulawayo, imene bambo anaipeza akugwira ntchito kunjanji, tinatsala awiriwiri.

Kuphika, kuchapa, kuwadyetsa, zonsezo sindinkadandaula nazo. Vuto linali kusamba. Kwathu mwana wamkazi saona maliseche a bambo ake, ndipo bambo, ngakhale anabadwira konkuno ku Bulawayo, mwambowu ankausunga kuposa anthu akumudzi. Poyamba mkulu wina wa kutchalitchi ankabwera kudzawasambitsa, kenako anayamba kuchulutsa zifukwa. Ndinakwiya, sindibisa.

Namwino wa kuchipatala anati bambo aphunzire kusamba okha ndi dzanja lamanzere. Ndinagula mpando wapulasitiki kumsika wa ku Egodini, sopo ndinamuika mu sokosi n'kumangirira kumpope kuti asamapulumuke. Ndikawakhazika, ndinkatuluka n'kuima kunja kwa chitseko ngati mlonda.

"Bambo, mwafika kumsana?"

"Hatshi, ayi, mntanami, mwana wanga, usandithamangitse. Ndine sitima ine?"

Ndinkaseka, iwonso ankaseka ndi pakamwa pawo popotokapo. Ankatuluka malaya atakola mabatani mosemphanitsa, koma akudzitama kuti adzisambitsa okha.

M'mawa wina m'nyengo yozizira ndinamva mpando ukukwekwereka, kenako khu!

"Usalowe!" anakuwa bambo. "Ndati usalowe!"

Ndinaima, dzanja lili pachitseko. Madzi anayamba kutuluka pansi pake, ofiirira. Ndinalowa.

Ndinawapeza ali pansi, pachipumi pakutuluka magazi. Dzanja lawo lamoyolo, m'malo mogwira khoma, anali atadziphimba nalo kumaso. Ndinawafunditsa thaulo n'kuwadzutsa. Anali opepuka kwambiri, ndipo mtima unandiwawa.

Bala linapola msanga. Anapitiriza kusamba okha, ndipo sanagwenso. Namwino anandiyamikira kuti ndagwira ntchito yotamandika, ine n'kungogwedeza mutu, chifukwa kunyumba zinthu zinali zitasintha. Nthabwala zinatha. Bambo sanandiyang'anenso kumaso. Ndikawapatsa tiyi ankalandira atawerama, n'kunena kuti, "Zikomo, mayi," monga mmene munthu amathokozera mlendo.

Ndinayesa kuwaseketsa, ndinayesa kuwakalipira, mpaka tsiku lina ndinagwada n'kupepesa ngakhale sindinkadziwa chimene ndinalakwa. Anangoti, "Simunalakwe, mayi." Ndinawasamalira mpaka tsiku lomaliza, ndikudikira kuti anditchulenso mwana wawo, koma sanatero.